Ndani Ayambe? Za Mzere wa Nchito M'makompyuta Akuluakulu

Inu ophunzira a m'masukulu a sekondale pamodzi ndi aphunzitsi anu, nkhani yathu ya lero ikhudza makina amene ambiri a inu simunawaonepo ndi maso. Pamene inu muli mtulo, m'mabanki akuluakulu, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi a maboma a maiko ambiri muli makompyuta a mtundu wa mainframe amene amacezera usiku wonse kuwerengera malipiro a anthu, kuonjeza ciongoladzanja pa ngongole, ndi kulemba makalata a amene ayenera kulipira. Nchito zotere sizicitika imodziimodzi munthu atakhala pafupi kuyang'anira. Zimaunjikidwa, ziikidwa pa mzere, ndipo makina amazitenga okha motsatana kufikira zitatha. Kagwiridwe kameneka dzina lake m'Cingelezi ndi batch. Funso limene tifuna kulisanthula ndi ili: kodi ndani amakonza mzerewo, ndipo amaukonza motani kuti ugwirizane ndi zofuna za malo ake a nchito?

Tiyambe ndi cinthu cimene mucidziwa bwino. Pa cigayo tsiku la Ciweru m'mawa, amai amandanditsa zitini ndi matumba ao, ndipo aliyense adziwa amene ali patsogolo pake. Koma mwini cigayo wanzeru satsata mzere mwakhungu ai. Ofuna mgaiwa amawagayira pamodzi, a mphale pamodzinso, cifukwa kusintha sefa kumadya nthawi. Mwana amene wabwera ndi kambale kamodzi angamupititse patsogolo pa munthu wa matumba asanu. Ndipo kukabwera wina amene kwao kwagwa maliro, onse amamupatsa mpata popanda kunyinyirika. Cigayo n'cimodzimodzi pena paliponse, koma malamulo a mzere ndi a mwini wake. Sungani cithunzi cimeneci m'maganizo.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1950, munthu wofuna kugwiritsa nchito kompyuta anali kulembetsa nthawi yake, nalowa yekha m'cipinda, naika makhadi ake, nadikira. Iye akamacotsa zake ndipo mnzake akuika zina, makina a mtengo woopsa anali kungokhala cete. Mu 1956 akatswiri a kampani ya General Motors ndi ya North American Aviation ku America anapanga pulogalamu ya makina a IBM 704 imene inali kuyamba nchito yotsatira yokha, ina ikangotha. Apo m'pamene mzere unabadwira. Pa 7 Epulo 1964 kampani ya IBM inalengeza makina a System/360, ndipo mu 1966 inatulutsa OS/360, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo. Pamodzi nayo panabwera cinenero couzira makina za nchito iliyonse, cimene cidziwika ndi zilembo zitatu, JCL.

Cinenero cimeneci cinaumbidwa pa khadi la pepala lolimba lokhala ndi mipata 80, limene anali kuliboola timabowo. Pafupifupi khadi lililonse la JCL limayamba ndi timizere tiwiri topendekeka. Mau ofunika koposa ndi atatu. Khadi la JOB linena dzina la nchito, mwini wake, ndi amene adzalipira nthawi ya makina. Khadi la EXEC linena pulogalamu yoti iyende. Khadi la DD linena kumene kuli zowerenga ndi kumene zoturuka zikalembedwe, kaya pa tepi, pa disiki, kapena pa makina osindikizira. Dzina silingapitirire zilembo 8. Mutalemba MALIPIRO makina alandira, pakuti zilembo zake zakwana 8 ndendende. Mutalemba APHUNZITSI akana, pakuti zilipo 10. Mipata yomaliza, kuyambira 73 kufika 80, inasiyidwa kuti muzilembedwa nambala ya khadi, kuti wina akapunthwa nagwetsa bokosi la makhadi 2,000 athe kuwasanjanso. Makhadiwo anatha kalekale, koma amene alemba JCL pa z/OS lero, mdzukulu wa OS/360, akali kulemekeza mipata yomweyo. Fred Brooks, amene anatsogolera nchito yopanga OS/360, anadzavomera m'buku lake la mu 2010 kuti pa zinenero zonse za makompyuta, JCL ndico cinapangidwa moipa koposa, ndi kuti cinapangidwa iye ali woyang'anira. Ngakhale zili tero, cinenerocho cakhala zaka zoposa 50 cikugwirabe nchito, pamene zina zokongola zinafera m'njira.

Vuto lina linali liwiro. Makina osindikizira a IBM 1403 amene anali othamanga koposa anali kulemba mizere 1,100 pa mphindi imodzi. Kwa munthu ili ndi liwiro lodabwitsa, koma kwa kompyuta ndi ulendo wa birimankhwe. Mankhwala ake anali akuti makhadi onse ayambe akopedwa pa disiki, zoturukanso ziyambe zasungidwa pa disiki, kuti kompyuta isamaime kudikira wowerenga makhadi kapena wosindikiza. Njira imeneyi ichedwa spooling. Anchito a IBM amene anali kuthandiza bungwe la NASA ku Houston, m'masiku a kukonzekera ulendo wa ku mwezi, analemba pulogalamu yao yocitira zimenezi, dzina lake HASP. Pakati pao panali Tom Simpson ndi Bob Crabtree. Onani kuti HASP yeniyeniyo inayamba monga cokonza ca pamalo amodzi, ca anthu amene sanakhutire ndi zimene anapatsidwa. Inachuka kotero kuti makampani ambiri anaitenga, ndipo pamene IBM inatulutsa MVS mu 1974, HASP inalowamo ndi dzina latsopano, JES2. JES2 ndiye kapitao wa mzere kufikira lero: alandira nchito, aisunga, aipereka kuti iyende, nasunga zoturuka zake.

Tsono tafika pa mtima wa nkhani. IBM sinathe kudziwa zosowa za banki ya ku London, za sukulu yaukacenjede ya ku Toronto ndi za kampani ya migodi pa nthawi imodzi. Motero inasiya zitseko zina zosakhoma, kuti eni malo akonze okha.

Citseko coyamba, ndiponso cosavuta, ndi magulu a nchito. Pa khadi la JOB munthu amalemba CLASS ndi cilembo cimodzi, kucokera pa A kufika pa Z, kapena nambala kucokera pa 0 kufika pa 9. Onse pamodzi magulu 36. Kuyambira mu 2013 dzina la gulu likhoza kutalika kufika zilembo 8, koma ambiri anazolowera cilembo cimodzi. Tanthauzo la cilembo ciliconse IBM sinanene. Malo ena anganene kuti gulu A ndi la nchito zazifupi zosafuna tepi, gulu B ndi la zofuna matepi, gulu N ndi la zazikulu zoyenda usiku wokha. Kumbali inayo kuli atumiki ochedwa initiator. Initiator aliyense amatenga nchito imodzi, naiyendetsa kufikira itatha, nabweranso kudzatenga ina, ndipo amauzidwa magulu amene ayenera kutengamo ndi gulu loyambira. Mukamuuza kuti AB, ayamba wayang'ana mu A, ndipo atenga za mu B pokhapokha mu A mutauma.

Apa m'pamene nzeru imaonekera. Tinene kuti malo ena ali ndi makina owerengera tepi anai, ndipo nchito iliyonse ya m'gulu B imafuna awiri. Woyang'anira akalola atumiki atatu kutenga za gulu B, wacitatuyo adzatenga nchito yake nakhala nayo cimanjamanja, kudikira tepi imene palibe, pamene nchito zazing'ono zimene akanatha kugwira zili kuunjikana. Kulola awiri okha kumafulumizitsa zinthu koposa kulola atatu. Ophunzira ambiri amadabwa nazo zimenezi, poganiza kuti kuculuka kwa manja nthawi zonse kumapepusa nchito. Masana opareta anali kupereka atumiki ambiri ku nchito zazifupi, kuti olemba mapulogalamu asakhale tsiku lonse kudikira yankho. Dzuwa likalowa anali kusintha ndi lamulo lalifupi pa kiyibodi yake, natsegulira nchito zolemera za usiku. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 IBM inaonjeza njira yakuti makina azidziwerengera okha atumiki ofunika, komabe colinga coti atsate cimaikidwa ndi munthu.

Koma munthu ndi munthu. Mukangonena kuti gulu A limayenda msanga, mawa lake mupeza nchito za maola awiri zitavala cilembo A. Cifukwa cake pa khadi la JOB palinso TIME, malire a mphindi zimene nchito ingadye pa purosesa, ndiye kuti pa mbali ya makina imene imawerengera. Si nthawi ya pa wochi ya pakhoma ai. Nchito ingakhale m'makina ola lathunthu koma itadya mphindi zitatu zokha za purosesa, zotsalazo ili kudikira tepi. Ikapyola malire ake makina amaidula, nalemba cizindikiro S322, cimene wolemba mapulogalamu aliyense wa masiku amenewo anali kucidziwa monga dzina la mwana wake. Ocenjera anapezanso pothawira. Tsiku lili ndi maola 24, ola lili ndi mphindi 60, zonse pamodzi 1,440; ndipo IBM inaika kuti wolemba TIME=1440 alibe malire konse. Kodi mudzamuletsa bwanji munthu kulemba nambala imeneyi? Cikalata ca pakhoma siciletsa munthu wofulumira.

Yankho lake ndi citseko cina cozama, cimene acicha exit. Pa malo ena osankhika, pulogalamu yaikulu ya IBM imaima kanthawi, niitana kapulogalamu kolembedwa ndi eni malo, nifunsa cocita. Kena, dzina lake IEFUJV, kamaona makhadi a JCL nchito isanayambe. Kangayang'ane ngati nambala ya wolipira ndi yoona, ndipo ngati si yoona nchitoyo ithera pomwepo. Kena, IEFUTL, kamaitanidwa nthawi ikatha, ndipo kangagamule kuti nchito ya malipiro ionjezeredwe mphindi zina m'malo moidula itatsala pang'ono kutha, koma ya wophunzira amene pulogalamu yake ili kungozungulira pamalo amodzi idulidwe. Kenanso, IEFACTRT, kamalemba pothera pa gawo lililonse nthawi imene ladya ndi mmene lathera. JES2 nayenso ali ndi zitseko zake za manambala. Umu ndimo mmene lamulo la pakamwa limasandukira lamulo la makina, losaona nkhope, losamva kupepesa.

Ndifuna mumvetse kulemera kwa nchito imeneyi. Timapulogalamu timeneti kawirikawiri timalembedwa m'cinenero ca Assembler, coyandikana kwambiri ndi makina enieniwo, ndipo tambiri timayenda ndi ulamuliro wofanana ndi wa pulogalamu yaikulu. Wolemba pulogalamu wamba akalakwitsa, imagwa ndi nchito yake yokha. Wolemba exit akalakwitsa, nchito iliyonse yodzera pa citseko cimeneco ingagwe, ya banki yonse kapena ya boma lonse. Ndipo musaganize kuti pulogalamu yaifupi singalakwe. M'makina amenewa muli ina yochuka, IEFBR14, imene nchito yake ndi kusacita kanthu: imangolowa ndi kuturuka, kuti makhadi a DD apeze mpata wopanga kapena kufafaniza mafaelo. Poyamba inali ndi lamulo limodzi lokha, lakuti bwerera. Ngakhale conco inapezeka ndi colakwa. Pulogalamu ikamaturuka iyenera kusiya nambala m'kabokosi ka m'makina kochedwa register 15, yonena mmene yathera, ndipo 0 ndiye kuti zonse zili bwino. IEFBR14 sinali kusesa kabokosiko, motero inali kusiya nambala yosokoneza. Anacita kuionjezera lamulo laciwiri. Ngati lamulo limodzi linafuna kukonzedwa, nanga mizere mazana asanu?

M'masiku a HASP ndi a JES2 woyamba, zitseko zotere zinali zocepa, koma IBM inali kupereka zolemba zenizeni za pulogalamuyo kwa ogula. Motero akatswiri anali kulowa m'kati mwenimweni ndi kusintha mizere ya IBM. Anali kugawana nzeru m'bungwe la SHARE, la ogwiritsa nchito makina a IBM, limene linayamba mu 1955. Paja mutu umodzi susenza denga. Mu 1975 Arnold Casinghino wa ku Connecticut Bank and Trust anayamba kusonkhanitsa zokonza zotere pa tepi imodzi yogawira ena, imene ikali kudziwika ndi dzina lakuti CBT Tape. Ufulu umenewu unali wokoma, koma unali ndi mtengo wake. IBM ikatulutsa pulogalamu yatsopano, kapena ikatumiza zigamba zokonzera zolakwa, zosintha zonse za pamalopo zinayenera kusokedwanso cimodzicimodzi pa nsalu yatsopano. Malo amene anasintha zambiri anali kucedwa koposa kulandira zatsopano, ndipo ena anakhala pa zakale zaka zambiri poopa nchitoyo. Panali pulogalamu ya SMP yosunga kaundula wa cosintha ciliconse, ndipo cosintha ca eni malo cinali kulembedwamo monga USERMOD. Koma kaundula amathandiza yekhayo amene walembamo. Mu 1983 IBM inayamba kuleka kupereka zolemba za mapulogalamu ake ambiri, ogula nadandaula kwambiri. M'zaka zomwezo JES2 anapatsidwa zitseko zake zoikika. Ine ndiona kuti pa mbali iyi zitseko zinaposa ufulu wakale, pakuti cokonza cokhala pakhomo lodziwika cimapezeka msanga ndi wobwera pambuyo, pamene cobisika pakati pa mizere zikwi zambiri cimadziwika ndi mwini wake yekha, ndipo mwini wakeyo tsiku lina amapuma pa nchito.

Zina zokonza sizifuna ukatswiri wotere. Makhadi a JCL amene amabwerezedwa kawirikawiri amasungidwa pamodzi m'nkhokwe ya SYS1.PROCLIB kapena ina yonga iyo, kuti munthu azingochula dzina lake ndi kusintha mau awiri kapena atatu. Izi tingozidutsa.

Cofunika kuimapo ndi kudalirana kwa nchito. Simungasindikize mapepala a malipiro musanawerengere msonkho, ndipo simungawerengere msonkho musanalowetse maina a olembedwa kumene. M'kati mwa nchito imodzi, gawo lililonse limasiya nambala ija: mwa cizolowezi 0 ndi bwino, 4 ndi cenjezo, 8 ndi colakwa, 12 kapena 16 ndi colakwa cacikulu. Mau akuti COND amayang'ana nambalazo, koma amaganiza cafutambuyo: mukalemba COND=(4,LT) mwanena kuti gawo ili lilumphidwe ngati 4 ndi wocepa poyerekeza ndi nambala imene gawo lina lam'mbuyo lasiya. Munthu sauza makina nthawi yoti acite, koma nthawi yoti asacite, ndipo anthu osawerengeka apunthwa pamenepa. IBM inadzaonjeza IF, THEN ndi ELSE ca m'ma 1990, komabe COND akali mbwee m'nchito zakale. Pakati pa nchito ndi nchito inzake, pamene zafika zikwi pa usiku umodzi, pamafunika pulogalamu ina yapadera yosunga ndandanda yonse, yodziwa iti idikira iti.

Zimene zimacitika ndandanda imeneyi ikasokonezeka zinaoneka ku Britain mu Juni 2012. Gulu la mabanki la Royal Bank of Scotland, pamodzi ndi NatWest ndi Ulster Bank, linaika mtundu watsopano wa pulogalamu yoyendetsa nchito za usiku. Ataona zovuta, anaganiza zoucotsa ndi kubwerera ku wakale, osayamba ayesa cimene cidzacitika. Sanadziwe kuti watsopanowo ndi wakalewo sanali ogwirizana. Nchito za usiku zinaima. Kutaca, ndalama zimene zinayenera kulowa m'maakaunti sizinaoneke. Ndipo popeza usiku uliwonse umamangidwa pa usiku wa dzulo lake, zotsalira zinaunjikana. Anthu oposa 6.5 miliyoni anakhudzidwa. Ena sanaone malipiro ao, ena analephera kulipira ngongole za nyumba pa tsiku lake, ndipo a Ulster Bank anavutika milungu ingapo. Mu Novembala 2014 mabungwe awiri oyang'anira mabanki m'dzikomo analipiritsa mabankiwo mapaundi 56 miliyoni. Palibe mbala imene inathyola, palibe makina amene anapsa. Unangosokonekera mzere.

Lero makina a mtundu umenewu akali kupangidwa; IBM z16 inatuluka mu 2022. Mu 2019 IBM inapatsa JES2 njira yolembera malamulo ena a pamalo m'mau osavuta kuwerenga, m'malo mwa Assembler, cifukwa odziwa cinenero cakaleco ali kucepa. JES3, mbale wake wa JES2 amene malo ena anali kumudalira, IBM inaleka kumuika mu z/OS kuyambira mu 2023, ndipo amene anafuna kusamukira ku JES2 anayenera kufukula cokonza ciliconse ca zaka makumi angapo ndi kufunsa cifukwa cake cinaikidwa. Kwa inu amene mufuna kuona ndi maso, MVS 3.8j wakale amapezeka mwaulere, ndipo amayenda pa kompyuta wamba kudzera m'pulogalamu ya Hercules imene Roger Bowler anayamba mu 1999. Mungathe kukhala opareta, kusintha magulu a atumiki anu, ndi kuona nchito yanu ikudulidwa ndi S322 popanda wina kusowa malipiro.

Aphunzitsi, pulogalamu ino ikatha lembani pa bolodi nchito zisanu zimene zafika motsatana conci: ya mphindi 60, ya 5, ya 10, ya 5, ndi ya 20. Mtumiki ndi mmodzi. Zikayenda monga zinafikira, zidzatha pa mphindi 60, 65, 75, 80 ndi 100. Kuphatikiza ndi 380, ndipo kugawa ndi 5 tipeza kuti mwini nchito aliyense wadikira mphindi 76 pa avareji. Mukayamba ndi zazifupi, zidzatha pa 5, 10, 20, 40 ndi 100. Kuphatikiza ndi 175, avareji 35. Makina agwira mphindi 100 zomwezo, koma kudikira kwatsika kuposa theka. Kenaka afunseni ana cimene cidzacitikira nchito ya mphindi 60 ngati zazifupi zipitiriza kufika tsiku lonse. Opanga HASP analiona vuto limeneli, naika njira yakuti nchito ikakhalitsa pa mzere izikwera pang'onopang'ono kufikira itafika patsogolo. Pomaliza auzeni kuti ya mphindi 60 ija ndi ya malipiro a mwezi uno, ndipo iyenera kufika ku banki pasanathe mphindi 70. Aleke asanje okha mzerewo m'makope mwao, ndipo aliyense anene amene wamudikiritsa ndi cifukwa cake.